Zisudzo, Nyimbo ndi Nthabwala m'Holo ya Kwathu: Kodi Ana Tiŵalole Apite?

Mvula ikangotha, anthu nkuyamba kugwira tindalama ta zokolola, mapepala olengeza zisangalalo amachuluka pa mitengo ya m'mbali mwa miseu, pa makoma a masitolo ndi pokwerera mabasi. Masiku ano mapepala omwewo amafikanso m'mafoni a ana athu kudzera pa WhatsApp ndi pa Facebook. Lina limati gulu lakutilakuti lidzaonetsa seŵero latsopano m'holo ya pa boma. Lina limalengeza oimba, lina anthabwala, linanso alakatuli. Kuyambira nyengo ya Pasaka mpaka pa Khirisimasi, m'mizinda yathu sipapita Loŵeruka lopanda chochitika.

Tsono mwana amabwera nayo nkhaniyo kunyumba, nadikira kuti atate ake ayambe akhuta nsima, kenaka nkufunsa mwaulemu ngati angapite. Makolo ambiri mu mpingo mwathu yankho lao ndi lokonzeratu. Amati kumeneko nkwa anthu otayika, ndipo nkhani imathera pomwepo. Nkhaŵa yao sitikuipeputsa ai, pakuti tonse tikudziŵa zimene zimachitika m'madansi ochezera usiku wonse. Koma tikuganiza kuti yankho limodzi silingakwanire mapepala onse aja, popeza sakunena za chinthu chimodzi. Pali zoimbaimba za usiku m'malo omwera moŵa. Ndiye palinso seŵero la masana m'holo, kumene agogo ndi mdzukulu wao angathe kukhala pa benchi limodzi naseka pamodzi popanda wina kuchita manyazi. Chachiŵirichi ndicho chikucheperachepera m'dziko muno, ndipo chikadzatheratu ana athu adzatsala ndi choyamba chija chokha.

Kuti timvetse m'mene holo ya zisudzo imakhalira ndi moyo, ndiponso m'mene imafera, tiyeni tikumbuke za malo amodzi amene aŵerengi a ku Blantyre, ndi ena onse amene adaphunzirako kapena kugwirako ntchito, akuŵadziŵa bwino. Ku Chichiri kudali malo otchedwa French Cultural Centre, amene boma la France lidatsekula m'zaka za m'ma 1970. Ntchito yake yoyamba idali kuphunzitsa Chifalansa, motero padali zipinda zophunziriramo ndi nyumba yoŵerengeramo mabuku. Koma padalinso holo ya m'kati ndi bwalo lapanja lokhala ndi nsanja yake, ndipo ziŵiri zimenezi ndizo Amalaŵi adazitenga ngati zaozao. Anthu ankangoti "tikupita ku French," ndipo aliyense ankadziŵa kuti sakunena za kukaphunzira chiyankhulo. Ankachokera ku Ndirande, ku Zingwangwa, ku Bangwe ndi ku Chilomoni, ena pa basi, ambiri wapansi. Zochitika zambiri zinkayamba masana nkutha dzuŵa lisanaloŵe, kotero kuti mai wobereka mwana kumbuyo ankafika kwao kukadaoneka.

Munthu amene dzina lake silingalekanitsidwe ndi malo ameneŵa ndi malemu Du Chisiza Jr. Iyeyu adabadwa mu 1963, atate ake a Dunduzu Chisiza, mmodzi mwa omenyera ufulu wa dziko lino, atamwalira kale pa ngozi ya galimoto mu 1962. Luso lake lidaphukira pa sukulu ya sekondale ya HHI, pa Mishoni ya Blantyre, ndiye kuti m'manja mwa mpingo wathu womwe uno. Ali pa sukulupo adalemba seŵero lotchedwa The Deceased's Attack, limene lidapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a m'dziko lonse. Mpikisano umenewu, umene bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM lidauyamba mu 1969, ndiwo udakhala nazale ya ochita zisudzo ambiri m'Malaŵi. Chisiza adakaphunzira za luso lomweli ku United States, ndipo atabwerako mu 1987 adakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu loyamba m'dziko muno la anthu ofuna kuti zisudzo zikhale ntchito yao yodyera. Adalemba maseŵero oposa 20, monga Papa's Empire ndi Educating Mwalimu.

Achinyamata a lero sangamvetse msanga kulimba mtima kumene ntchito imeneyi inkafuna. Malinga ndi lamulo la mu 1968 loona za mabuku, makanema ndi zisangalalo, seŵero lililonse linkayenera kuyamba laŵerengedwa ndi bungwe la boma lisanafike pa nsanja. Bungwelo linkatha kufafaniza mizere, ngakhale kuletsa seŵero lonse. Ndipo kulakwitsa pa mau sikudali nkhani yamaseŵera: mu 1987, chaka chomwe Wakhumbata idabadwa, mlakatuli Jack Mapanje wa ku Chancellor College adatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, ndipo adatulukako mu 1991. Choncho olemba adaphunzira kuyankhula mophiphiritsa, monga amachitira amai pa mtondo akafuna kudzudzula apongozi. Oonerera naonso adaphunzira kumva zimene sizidatchulidwe. Munthu pa nsanja ankatha kungokhala chete pang'ono, nayang'ana kumwamba, bwalo lonse nkuphulika ndi phwete. M'masiku amene anthu ankaopa kunong'onezana ngakhale m'basi, holo ya zisudzo idali amodzi mwa malo ochepa kumene anthu mazana ankazindikira pamodzi kuti akuganiza zofanana. Pambuyo pake Chisiza adalandira udindo wa unduna mu 1993, m'masiku otsiriza a boma la Dr Kamuzu Banda, ndipo ena mwa omukonda adakhumudwa nazo. Koma atabwerera ku nsanja anthu adamtsatabe.

Maseŵero ambiri a Wakhumbata adali a m'Chingerezi. Amene adatsekulira khomo anthu wamba ndi a gulu la Kwathu, limene lidayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndipo linkachita zisudzo zake m'Chicheŵa. Nkhani zao zidali za m'nyumba mwathu momwe: kulanda chuma cha amasiye, mitala yobisa, mwana wophunzira amene wayamba kunyoza kwao, mkulu wa mpingo wa nkhope ziŵiri. M'gulu limeneli ndimo mudali a John Nyanga ndi a Eric Mabedi, amene dziko lonse lidaŵadziŵa ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo. Ndani mwa ife akuluakulu amene sadagwirepo nthiti chifukwa cha aŵiri aja? Izeki ankaoneka ngati chitsiru, koma uchitsiru wake unkavula anthu ochenjera. Jakobo ankayesa kumuwongolera, nagweramo yekha m'dzenje. Anthu adali atazoloŵera kale maseŵero a pa wailesi ya MBC, monga Kapalepale ndi Pamajiga, koma kumva mau okha nkosiyana ndi kumuona munthuyo ali potero, thukuta lili kamukamu, akuyankha mau amene wina wamuponyera kuchokera kumbuyo kwa bwalo.

Pamenepa ndipo pagona kukoma kwa zochitika pamaso. Kanema wa pa foni mwana amaonera yekha, kuchipinda, chitseko chili chotseka, ndipo kholo silidziŵa chimene chamuseketsa. M'holo aliyense amaseka poyera. Mwana amaona chimene chaseketsa atate ake ndi chimene chaŵakwinyitsa nkhope, ndipo pobwerera kunyumba pamakhala nkhani. Taonapo mabanja amene sangathe kukambirana za chuma cha masiye maso ndi maso, koma akuikamba nkhani yomweyo momasuka poŵeruza anthu a m'seŵero. Makolo athu ankadziŵa zimenezi pamene ankasonkhanitsa ana madzulo kuti amve nthano, onse nkumavomera pamodzi.

M'mene nsanja idazilalira

Chaka cha 1999 chidasintha zambiri. Mwezi wa Febuluwale Du Chisiza adamwalira asanakwanitse zaka 36, ndipo chaka chomwecho wailesi ya kanema ya Television Malawi idayamba kuulutsa. Mai Gertrude Kamkwatira, amene adatsogolera Wakhumbata mwini wake atapita, nadzayambitsa gulu lao la Wanna-Do, adamwalira mu 2006. M'nyumba zambiri mudaloŵa makanema a ku Nigeria, kenaka mafoni. Komabe ku French anthu ankapitabe.

Mu 2011 eni ake adatseka malowo. Paja akulu adati mlendo ndi mame. Kwa zaka zoposa 30 mzinda wonse udatsamira pa nsanja ya alendo osamanga yakeyake, ndipo pamene alendowo adanyamuka padalibe pena pofanana napo. Choipa koposa nchakuti m'masiku amene malowo adakhala opanda oŵayang'anira mokwanira, mbala zidaloŵa nkusesa katundu, kuphatikizapo zipangizo zimene zinkathandiza oimba ndi a zisudzo. Boma lidagula malowo pa mtengo wa K300 miliyoni nkuŵatcha Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yoŵakonzanso idatenga zaka zambirimbiri, ikuyamba nkuima. Pa zaka zimenezo aluso ankagwiritsabe ntchito bwalo lapanja lija m'mene lidaliri. Alakatuli ankasonkhanapo pa Chitsinda cha Ndakatulo, a Kwathu ankabwerabe ndi maseŵero ao, ndipo Blantyre Arts Festival, imene idayamba mu 2009, idachitikirapo kangapo. Koma zimene kale ankazipeza pamalopo, monga zokuzira mau ndi nyale za pa nsanja, tsopano ankachita kubwereka kwina ndi ndalama.

A Nyanga adatisiya mu 2016. Mu 2020 mliri wa Covid-19 udaletsa misonkhano ya anthu ambiri, ndipo aluso adakhala miyezi osagwira ntchito. A Mabedi adamwalira mu 2021.

Nanga woimba kapena wanthabwala akasoŵa holo amapita kuti? Amapita kumene kuli nsanja, magetsi ndi zokuzira mau zokonzeratu, ndiye kuti ku mahotela ndi ku malo omwera moŵa. Mwini bala sadandaula kwambiri za ndalama za pakhomo, popeza phindu lake lili m'mabotolo. Iye amafuna kuti anthu akhalitse, choncho zoimba zimayamba mochedwa nkutha mbandakucha. Amafunanso kuti nthabwala zikhale zokomera anthu amene alaŵa kale, ndipo wanthabwala, poti naye ali ndi ana ofuna kudya, amapereka zimene zikugulidwa. Umu ndimo luso limene lidakulira pa mpikisano wa masukulu limasanduka chinthu chimene kholo silingapiteko ndi mwana wake. Tikamadandaula kuti zisangalalo za masiku ano zaola, tizikumbukanso kuti mabanja ndiwo adayamba kuchoka pa mabenchi aja.

Ambiri a ife sitidziŵa kumene ndalama ya pakhomo imapita, nchifukwa chake timaiona ngati yochuluka. Gulu la zisudzo lisanalandire tambala ndi imodzi yomwe, limakhala litakonzekera kwa milungu ingapo, aliyense akudzilipirira yekha ulendo wopita kokayeserera. Holo njolipira, kaŵirikaŵiri pasadakhale. Zokuzira mau nzobwereka. Pamafunika jenereta ndi mafuta ake, chifukwa magetsi akazima pakati pa seŵero anthu amafuna ndalama zao. Pali galimoto yonyamula anthu ndi katundu, pali kusindikiza mapepala olengeza aja, pali alonda a pakhomo, pali zilolezo. Kumene kukuimbidwa nyimbo, bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za aluso, lili ndi gawo lake. Zotsala ndizo amagaŵana anthu khumi kapena kuposerapo. Tsono taganizani za mkulu wolemekezeka amene amafika ndi banja lonse nayembekeza kuloŵa ulere chifukwa mtsogoleri wa gululo adali mwana wake wa Sande Sukulu! Khalidwe limeneli tili nalo ndithu, ndipo makwaya athu omwe akulidziŵa: pa tsiku lokhazikitsa chimbale tchalitchi chimadzaza, koma mbale ya pakhomo imabwerako yopepuka.

Kholo lina lidzati, "Zonsezi tamva, koma mwana wanga ndikufuna adzakhale dokotala, osati wovala zigamba pa nsanja." Sitikunena kuti mwana aliyense woonerera seŵero adzakhala wa zisudzo, monganso si onse opita ku mpira amene amasanduka oseŵera. Komabe tisanyoze. A Michael Usi, amene ana ndi akulu adaŵadziŵa ngati Manganya m'seŵero la Tikuferanji, mu 2024 adalumbiritsidwa kukhala wachiŵiri kwa mtsogoleri wa dziko. Daliso Chaponda adafika pa nambala yachitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent mu 2017 ndi nthabwala zokhazokha. Agogo athu a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, nyimbo yao ya Linny Hoo idamveka m'maiko ambiri iwo atapitirira kale zaka 90. Ndipo ngakhale mwana amene sadzatchuka konse, akaima pa nsanja kamodzi kokha amaphunzira kutulutsa mau omveka pamaso pa anthu, kusunga nthaŵi ndi kudalirana ndi anzake. Aphunzitsi ndi alaliki angati amene tikadakonda akadaphunzirako zimenezi!

Za nthabwala, ndi za tsiku la Sabata

Pa zitatu zimene zimalengezedwa pa mapepala aja, nthabwala ndizo zimafuna kuti kholo litchere khutu koposa. Seŵero limakhala lolembedwa ndipo mbiri yake imamveka msanga. Nyimbo za woimba timazidziŵa kale kuchokera pa wailesi. Koma wanthabwala amaima yekha ndi chokuzira mau, ndipo akaona kuti anthu sakuseka amathamangira kumene kuli kosavuta: zolaula, kunyoza amai, kuyerekeza kayankhulidwe ka mtundu wina, kuseka olumala ndi abale athu achialubino. M'dziko limene anthu achialubino akhala akuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, nthabwala yotere si yopepuka ai. Ife muyeso wathu ndi wakuti tione amene akusekedwa. Ngati ndi bwana wakatangale, mlamu waulesi, kapena ife tomwe ndi tizikhalidwe tathu ta pa maliro ndi pa ukwati, tiyeni tiseke, ngakhale zitiŵaŵe pang'ono. Abusa ndi akulu a mpingo naonso asapse mtima msanga akaona kolala pa nsanja; nthaŵi zina wanthabwala amanena zimene Akhristu akhala akunong'ona kuseri kwa tchalitchi chaka chathunthu. Koma ngati wosekedwayo ndi munthu amene sangathe kudziyankhira, kholo lili ndi ufulu wonyamuka ndi ana ake nkutuluka, ndipo anawo adzakumbuka kutulukako kuposa malangizo ambiri a pakamwa.

Pali vuto lina limene sitingalilambalale. Kuyambira kale zisudzo zambiri m'mizinda yathu zimachitika Lamulungu masana, chifukwa ndiyo nthaŵi imene anthu apantchito amapezeka. Kwa ife nthaŵi imeneyo ili kale ndi zake: kuyendera odwala, mapemphero a m'midzi, misonkhano ya achinyamata, ndi kupumula kumene tidalamulidwa. Sitikuuza munthu kuti asiye zimenezi. Koma okonza zisangalalo amatsata kumene kuli anthu. Akadziŵa kuti Loŵeruka masana, kapena pa tchuthi monga cha pa 6 Julaye ndi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, mabanja a mu mpingo adzabwera ndi ndalama zao m'manja, sadzalimbikira Lamulungu.

Ndipo maholo tili nao. Mipingo yambiri ya m'tauni idamanga maholo aakulu amene amatsekulidwa pa ukwati ndi pa msonkhano, masiku ena onse ali chitsekere. Masukulu athu a mishoni naonso ali ndi maholo. Bwanji akulu a mpingo osalola gulu la achinyamata a m'deralo kuyesereramo pakati pa mlungu, nkudzaonetsa seŵero lao Loŵeruka pa mtengo woti angaukwanitse? Nkoyenera kuti akuluwo ayambe adziŵa za m'seŵeromo, pakuti nyumbayo njao. Koma achenjere kuti asasanduke bungwe lija la 1968, lofafaniza mzere uliwonse woluma. Seŵero limene aliyense ndi wolungama kuyambira pachiyambi mpaka pa mapeto palibe amene angalipire kuti alione. Buku Lopatulika lomwe silidabise za Davide ndi mkazi wa Uriya, ndipo mneneri Natani adamgwira mfumuyo ndi kanthano ka mwanawankhosa.

Tsono pepala lija likafika pakhomo panu mwezi uno, musalikane musanaliŵerenge. Onani malo ake: kodi ndi holo, sukulu, bwalo la zachikhalidwe, kapena ndi bala imene yangodzipatsa dzina lokongola? Onani nthaŵi, ndipo muonjezerepo ola limodzi kapena aŵiri, popeza zathu siziyamba pa nthaŵi yolembedwa; kenaka dzifunseni ngati minibasi zidzakhale zikuyendabe pomatha. Onani amene alipira zolengezazo, chifukwa chizindikiro cha kampani ya moŵa chikakula kuposa dzina la woimba, mwadziŵa kale mwini tsikulo. Funsani achinyamata a mu mpingo za wanthabwala amene simukumdziŵa. Iwo adamuona kale pa foni ndipo adzakuuzani zoona mukaŵafunsa mofatsa. Zikakhala bwino, musangopereka ndalama kwa mwana. Valani jekete, amai atenge chitenje choyala pa simenti, mupite naye. Inunso anyamata ndi asungwana, mukafuna kuti makolo akukhulupirireni, bwerani nalo pepalalo masiku akadalipo, nenani mnzanu amene mupite naye, ndipo fikani pakhomo pa nthaŵi imene mudalonjeza.

Kumene mungayambire sikusoŵa. Ku Blantyre gulu la Solomonic Peacocks lakhala likukonza chikondwerero cha zisudzo pa nyengo ya Pasaka, ndipo Jacaranda Cultural Centre yakhala ikulandira oimba, alakatuli ndi a zisudzo. Ku Lilongwe kuli Madsoc Theatre, nyumba ya anthu ochita zisudzo mongodzipereka. Ku Zomba ophunzira a pa yunivesite ali ndi mwambo wa zisudzo wochokera m'zaka za m'ma 1970, pamene gulu lao la Travelling Theatre lidayamba kuyendayenda ndi maseŵero m'masukulu ndi m'maboma. Ku Dowa, mu msasa wa anthu othaŵa kwao wa Dzaleka, chikondwerero cha Tumaini chidayamba mu 2014, choloŵa ulere, ndipo chidaonetsa Amalaŵi magule ndi nyimbo za ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda.

Koma kwa ambiri a ife, makamaka a kumidzi, nsanja yapafupi ndi ya pa sukulu ya sekondale imene mwana wathu amaphunzira. Mipikisano ya masukulu imayambira m'zigawo isanafike pa dziko lonse, imachitika masana, ndipo mtengo wa pakhomo umakhala wotsika. Ana amakonzekera teremu yathunthu, zovala akubwereka kwa alonda ndi kwa ophika, ndevu akupanga ndi thonje. Funsani aphunzitsi oyang'anira kalabu ya zisudzo kuti mpikisano wa chaka chino udzachitika liti ndiponso kuti, pakuti ana ambiri sauza makolo ao za tsikulo, poganiza kuti sangabwere.